Njerwa za Aroma Pansi pa Msewu wa Kumsika

Mvula inali itayambanso kuwaza pamene Zorka Belić anaponya kampeni kake m'ndowa n'kutukwana chamumtima. Anali atatha masabata asanu m'dzenje pakati pa Msewu wa Kumsika, koma zimene anatolera ndi mapale a miphika ya m'ma 1300, mafupa a nkhumba ndi manda awiri opanda kanthu. Aliyense m'tauniyo ankadziwa kuti pansi pa misewu yawo pagona mzinda wa Aroma. Kwa Zorka, amene anaphunzira zofukula zakale zaka khumi zathunthu, mzindawo unkangobisala.

Khonsolo inamupatsa mpaka Lachisanu. Akapanda kupeza chinthu chooneka, makina a Gvozden, injiniya woika mapaipi a madzi, alowa n'kufafaniza zonse. Tsidya lina la msewu, antchito a Gvozden anali atathirako kale konkire.

"Adokotala, lero mwafukula mfumu ya Aroma kapena ndi nkhumba inanso?" Gvozden ankatero m'mawa uliwonse, ali pamwamba pa dzenje, kapu ya khofi ili m'manja.

Eni masitolo nawo anali atatopa. Makasitomala awo ankayenda pamatabwa oterera, ena n'kubwerera panjira. Mayi wa pabekale anasiya kumuyankha Zorka moni. Koma womutopetsa kwambiri anali Trivun, nkhalamba ya chipewa chakuda imene inkabwera tsiku ndi tsiku, n'kugwira waya wa mpanda ndi manja onse awiri.

"Mayi, mawu awiri okha."

"Madandaulo ndi kukhonsolo, bambo. Msewu wanu tikubwezerani."

"Si za msewu ayi, mwanangu."

"Ndili pantchito!"

Zorka ankawadziwa anthu otere. Wina amafuna kudziwa ngati mwapeza golide. Wina amakufotokozera za agogo ake mpaka dzuwa kupendeka. Nthawi yomvera nthano iye analibe.

Lachitatu masana, burashi yake inakhudza chinthu cholimba. Anapalasa matope ndi zala. Inali njerwa yopyapyala, yotakata, yofiira bwino. Pambali pake panali ina, kenako ina, zonse zitakhota ngati uta. Pa imodzi panali chidindo cha gulu la asilikali a Roma. Zorka anakhala pansi m'matope momwemo.

Inali ngalande ya madzi, yomangidwa ndi laimu, denga lake lili lathunthu. Ndipo ngalande yotere sikhala payokha. Pafupi payenera kukhala nyumba yosambiramo, mwinanso bwalo lalikulu la mzinda. Tsiku lonse lotsatira iye ndi anzake anakumba osapuma. Anayeza, anajambula, analemba kalata yoimitsa makina. Trivun anafika nthawi yake, n'kusuzumira m'dzenjemo nthawi yaitali. Ataitana, Zorka sanatukule n'komwe mutu.

Lachisanu m'mawa kunabwera wachiwiri kwa meya, mtolankhani ndi Gvozden, nkhope itagwa. Eni masitolo anaunjikana kumpanda, pakuti anali atamva kuti msewu utsekedwa miyezi ina isanu ndi umodzi.

"Tidya njerwazo kodi?" anakuwa mayi wa pabekale.

Zorka anatsikira m'dzenje, n'kuika dzanja pa denga la ngalande.

"Amene anamanga ichi anamwalira zaka chikwi ndi mazana asanu ndi awiri zapitazo," anatero mokweza. "Taonani ntchito yake. Palibe njerwa yasuntha. Mapaipi anu adikire, a Gvozden."

Mtolankhani analemba. Wachiwiri kwa meya anagwedeza mutu, n'kutulutsa cholembera kuti asaine kalatayo.

Pamenepo waya wa mpanda unalira. Trivun anali ataukankha n'kulowa. Anayenda pang'onopang'ono pamatabwa mpaka m'mphepete mwa dzenje, navula chipewa.

"Bambo, muno simololedwa," anatero Zorka.

"Zikomo poyamikira ntchito, mayi. Zaka zonsezi palibe anandiyamikirapo."

Trivun anasuzumira m'dzenjemo n'kupitiriza.

"Ngalandeyo ndinamanga ndine, mu 1958. Simenti kunalibe, njerwa kunalibe, ndiye kapitawo anati tigumule njerwa pachikhoma chakale chimene tinachipeza tsidya ilo. Tinangotengako pang'ono. Chinali chachitali kuposa basi yonyamula anthu, pansi pake pali timiyala tojambula nsomba." Analoza ndi chipewa. "Apo, pamene munathira konkire sabata yatha."

Onse anatembenukira kumene analozako. Konkireyo inali itauma gwa, ndipo chilolezo choithira anasaina ndi Zorka yemwe.