Mtengo Watsikanso kwa Gershom

"Mwatsitsa futi, atate ake Molly?" Winfrida anakuwa ataona mwamuna wake Gershom akufufuta mtengo pabolodi. "Kachitatu sabata imodzi!"

"Iwe siuziba bizinesi," anatero Gershom. "Makina ya gemu ya pa TV ni nyambo chabe. Munthu akagula, afunika makaseti ya masewera. Apo ndiye tizadyela."

Ndalama zonse zimene analandira posiya ntchito ku fakitale ya feteleza anaziponya pogula makina makumi awiriwo. Hamilton, amene ankagulitsanso makina otere m'sitolo yoyang'anana ndi ya Gershom ku Kafue Estates, akatsitsa kwacha imodzi, Gershom ankatsitsa ziwiri, mpaka anayamba kugulitsa moluza.

Kenaka Hamilton anachotsa makina ake pawindo. Wogula akabwera, ankamulozera yekha kwa Gershom, mwaulemu ndithu.

"Waona? Wagwada!" Gershom anadziguguda pachifuwa. Pofika Lachisanu makina anatha psiti.

Loweruka analawirira ku Lusaka, kwa wamalonda yekhayo amene ankaitanitsa makasetiwo kunja.

"Mwachedwa, bwana," anatero wamalondayo. "Yonse yanatengewa pa Mande na munthu wa kwanu ku Kafue. Yenangu mwina chaka chamawa, ndalama zakunja zavuta."

Atatsika basi masana, Gershom anapeza mzere wautali pakhomo pa Hamilton. Nkhope iliyonse ankaidziwa, onse anali anthu amene anagula makina kwa iye. Winfrida anali chiimire pakhonde, manja ali kumutu.

Hamilton anasuzumira pawindo, mano onse pamtunda.

"Shani, ba Gershom! Muzabweletsa liti makina yenangu? Makasitoma yanga yafunsa."