Galimoto ya kwa Chikomeni

Bestone anaizungulira galimotoyo kachitatu, manja ali m'thumba. Yofiira. Matayala abwino. Mipando yosang'ambika. Nkhope anaikwinya dala.

Anali kalaliki pa Boma la Mzimba, kwawo ku Ntcheu. Zaka khumi ndi ziwiri akupalasa njinga, anzake akumuthira fumbi. Ku Lilongwe anakaonako magalimoto, mitengo yake inamubweza. Kenako anamva za iyi, m'mudzi wina kuseri kwa Embangweni. Mwini wake, Chikomeni, anabwera nayo kuchokera ku Joni. Mu Epulo anatengedwa ndi amuna a boma, aja oyenda pa Landirova. Chifukwa chake palibe anafunsa. Masiku amenewo wofunsa ankatsatira.

Pakhomopo panamera udzu. Ngakhale amayi a kutchalitchi ankalambalala. Bestone anadziwa kuti wogula wina sabwera.

"Vuto lake ndi tebo, mayi," anauza Iness, mkazi wa Chikomeni, akuloza mu injini. "Kachitsulo aka kamaonjezera liwiro, inde. Koma oyilo kamamwa ngati chidakwa cha pa maliro. Kakafa, makanika wa ku Mzuzu angokusekani. Kena mpaka ku Joni. Ndani angagule matenda?"

"Yewo, adada. Ine za injini sindidziwa."

Bestone anatchula theka la mtengo. Iness anayang'ana pansi. Ana awiri anali atatsamira khoma, miyendo mbuu, maso ali pa thumba la mlendo. Bestone anawaona. Anatsitsanso mtengo.

"Ndikukuthandizani, mayi. Ikangokhala apa idya dzimbiri. Ndipo amuna anu, tinene zoona, a kumeneko sabwera msanga."

"Mbwenu tengani," anatero Iness.

Panatsala kalata. Apa ndiye panali pa ntchito ya Bestone. Katundu wa munthu wotengedwa boma linkatha kulanda, ndipo Bestone sanafune kugula lero n'kulira mawa. Anatulutsa mapepala awiri ndi kaboni, nawayala pa boneti.

"Deti tilemba ya Januwale. Olanda akabwera, apeza kuti galimoto inali yanga kalekale, amuna anu asanagwidwe. Bweretsani khadi lawo la chipani."

Iness analibweretsa. Bestone anayang'ana mmene Chikomeni ankasainira, nayeserera kawiri pachikhatho, kachitatu papepala. Zinafanana ngati mapasa.

"Januwale?" Iness anadzutsa mutu koyamba. "Lembani bwino chomene, adada. Dzina lanu lonse. Ndi kumene mugwira ntchito."

Bestone anaseka. Anthu akumudzi amaopa pepala kuposa njoka. Analemba zonse, zilembo zikuluzikulu, nasaina. Lapamwamba anamupatsa mayiyo, la kaboni analowetsa m'jekete.

Injini inalira kamodzi kokha. Pamsewu wafumbi anaponda mafuta, tebo inaimba kamluzu, mitengo inathawira kumbuyo. Ankaganiza za Lolemba, za nkhope za anzake pa ofesi. Za oyilo adzaona m'tsogolo. Pa mtengo umenewu, ngakhale tebo ikafe mawa, wapindula ndi iye.

Iness ndalama sanaziwerenge. Anapinda kalata ija, naimanga pansonga ya chitenje, nakaima pamsewu kudikira basi ya ku Boma. Amuna a Landirova anali atamuuza momveka: Chikomeni atuluka tsiku limene iwowo adzapeze mwini wa galimoto yofiira imene inawolotsa munthu wothawa kupita ku Lundazi, ku Zambia, mu Febuluwale.