Khofi wa mu Mpata

Alendo odzaona malo atalowa m'matenti, mkulu wanga Mutlaq anandituma kukatenga ngamila imene inathawira mu mpata wa miyala.

"Usakagone komweko, iwe Ouda. Ulesi wako timaudziwa."

Mpatawo ndi wopanikiza moti ngamila yosenza katundu imakhula m'mbali. Nditakhota, ndinapeza moto wopanda utsi. Bambo wina anali chikhalire pamenepo, ketulo ya khofi ili m'manja.

"Khala pansi, mwana wa mbale wanga."

Kwathu khofi sakanidwa, choncho ndinakhala n'kumwa. Anathiranso, ndinamwanso. Kachitatu ndinagwedeza kapu, monga timachitira tikakhuta.

Anathiranso.

"Amalume, ndagwedezatu. Akundidikira kumatenti."

"Imwa, angazizire."

Ndinacheuka kuti ndione kumene ndinalowera, koma kunali mwala wokhawokha. Chapatali Mutlaq ankaitana dzina langa, mawu ake akunka nachepa.

Bamboyo anasonkhezera moto, kuwala n'kukwera. Ndi pamene ndinawaona. Amuna ambirimbiri anali atatsamira khoma la mpatawo, mzere mpaka mumdima, ena mikanjo itayoyoka ndi kukalamba. Panalibe amene anandiyang'ana. Aliyense anali atatambasula dzanja, akugwedeza kapu.