Pulawo ya Domingos

Esitere anakhala pabenchi ya pakhoti ngati wabwera kudzagona pomwepo. Kalaliki wa khotilo, a Febian, atangomuona anayamba kufunafuna cholembera chimene chinali m'dzanja lawo.

Nkhani yake inali yomwe ija. Apolisi atapita ku Ndake kukagwira Domingos pa mlandu woba mbuzi, ananyamulanso pulawo yake, ati ndi umboni. Mmene pulawo imabera mbuzi, palibe anafotokoza. Mlandu unazengedwa, Domingos anavomera n'kumangidwa, koma pulawoyo inatsala kuseri kwa khoti ikudyedwa ndi dzimbiri. Ali m'ndende anadandaula kukhoti kangapo konse kuti ibwezedwe kwa ana ake. Khoti linangoti zii.

Tsopano mitambo inali itayamba kuda, ndipo anawo ankalimbana ndi munda wa thonje ndi timakasu, manja ali matuza okhaokha. Mvula ikagwa mundawo usanalimidwe, chaka chatha. Zimenezi zinkamupweteka Esitere, ndipo sankabisa.

A Febian anayesa zonse. Ati woweruza ali kumsonkhano. Ati makiyi ali ndi mnzawo amene wapita kumaliro ku Petauke. Zitawathera, ananena kuti wakuba alibe podandaulira. Esitere anayankha kuti chigamulo anachimva ndi makutu ake: chinatchula zaka, sichinatchule pulawo. Ngati akufuna kumuitanira apolisi awaitane, chifukwa iye ali ndi mafunso oti awafunse iwonso.

Amayi ena pabenchipo ananong'onezana kuti akazi otere anatha kalekale. Mwamuna wakuchititsa manyazi mudzi wonse, iwe n'kumatherabe nsapato pakhoti chifukwa cha iye. Esitere anamva, koma sanatembenuke.

Pofika masana a Febian anatopa naye. Anakhala pansi, n'kuvomera kuti dandaulolo alipititsa kwa woweruza, koma anafunika kudziwa kaye amene akulankhulira mkaidiyo.

"Ndiye tinene kuti ndimwe akazi awo a Domingos, amai?"

"Akazi ake anamwalila."

"Alongo awo?"

"Iyayi, bambo. Mbuzi zimene anaba zinali zanga. Ndine ndinamumangitsa, ndipo akabanso ndidzamumangitsanso. Koma ndinamangitsa Domingos, sindinamangitse munda wa ana ake."