Chimbale chopakidwa polishi

Panali munthu wina ku Mabutweni, mayi Dorah, ndipo amene anandiuza nkhaniyi amapemphera naye mpingo umodzi. Bambo ake, a Gibson, anali atakalamba mpaka kumaiwala ana awo omwe. Chimene sanaiwale ndi mawu a malemu akazi awo, a Malita, omwe kale ankatsogolera kwaya ya Anyasa, anthu akwathu okhala m'dziko la eni limenelo. Kwayayo inajambulitsa chimbale chimodzi basi, ndipo cha pakhomopo chinasweka kalekale. Dorah analumbira kuti bambo ake amvanso mawuwo asanatsikire kuli chete.

Amalume ake, a Petros, eni galamafoni, anamuchenjeza: "Chimbale chakale sagula ngati tomato. Uchipendeketse padzuwa, uyendetsepo chala. Mzere umene chikhadabo chaumva, singano iumvanso. Ndipo usagule usanachimve chikulira."

Mwayi wake anapeza zimbale ziwiri za kwaya yomweyo. Choyamba chinali ku Pumula, kwa mayi Monica, mnzawo wa malemu.

"Tenga, mntanami, mwana wanga, n'chaulere," anatero.

Koma chinali mbuu ndi fumbi, chikuto chake chodyedwa ndi mphemvu. Dorah anakwinya mphuno. "Ndibweranso, mama," anatero, mumtima atatsazikiratu.

Chachiwiri chinali kwa bambo wina wogulitsa zimbale ndi ma CD m'mbali mwa msewu m'tauni. Ichi ndiye chinali waliwali.

"Sisi, ngiyakutshela, ndikukuuzani, ichi sichinalirepo. Magetsi akanakhalapo tikanachiyesa."

Mawu a amalume analowera khutu ili n'kutulukira linalo. Anagula.

Lamlungu banja lonse linasonkhana. Singano itangotera, kunamveka phokoso ngati mvula padenga la malata, nyimbo n'kumadumphadumpha. A Petros anatukula singano, anaipeza yamatidwa zakuda. Ananunkhiza chimbalecho.

"Polishi wa nsapato uyu. Anabisira zokalika."

A Gibson anatembenukira kukhoma. "Zimitsani. Ameneyo si Malita." Tsiku limenelo anakana chakudya, mawa lakenso chimodzimodzi. Wogulitsa uja, musachite kufunsa, anali atasamuka.

Dorah anakwera kombi ya ku Pumula, manyazi ali tho, ndipo atafika anagwada pakhomo.

Mayi Monica anangoseka. "Dzuka iwe, usadetse siketi. Sindinachipukute dala, nsanza youma imakala chimbale. Koma chakhala choimirira m'kabati zaka zonsezi, dzuwa silikuchidziwa."

A Petros anachitsuka ndi madzi ndi kadontho ka sopo, n'kuchiumitsa pamthunzi. Atachipendeketsa padzuwa, panalibe mzere ngakhale umodzi. Anachiika pagalamafoni, ndipo mawu a malemu a Malita anatuluka okhaokha, kwaya ikuvomera pambuyo.

A Gibson anadzuka pabedi okha. "Amake Dorah, mwachedwa kuti?" Kenako anayang'ana mwana wawo, amene kwa nthawi yaitali ankamufunsa kuti ndinu yani. "Dorah, ukungoima? Apatse mpando amako."

Dorah analira ngati mwana. Madalawo anadya tsiku lomwelo, ndipo anamvera chimbalecho m'mawa uliwonse mpaka tsiku lawo litakwana. Mpaka lero Dorah akamva dzina la mayi Monica amagwetsa misozi yothokoza.

Phunziro: Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Chakale chilichonse muzichiyesa musanagule, mverani amene akuchidziwa, ndipo musanyoze mphatso chifukwa cha fumbi. Tumizirani anzanu, makamaka amene makolo awo akadali moyo.