Mbama ya Bambo Kowalchuk

"Sizikuoneka zakale izi, Renata," Dwight anauza wopanga makatuniyo, akuonera zidole zikuvina motsatira nyimbo yake pa TV. "Ndinati zifanane ndi pulogalamu ya ana ya m'ma 1970. Apo ayi, ndipeza wina."

Renata anangoluma mano. Mizere yothamangathamanga ndi kuphethira kwa chithunzi anachita kuziikamo dala.

Bambo ake a Dwight, a Kowalchuk, analowa, naima ataona mizereyo.

"Yayambanso TV yopusa imeneyi?" Anaiwaza mbama ya m'mbali monga ankachitira ndi chibokosi chawo chakale cha TV chikavuta. TV yopyapyalayo, yogula dzana, inagwa chafufumimba, phwaa!

Renata anatseka kompyuta yake mwachifatse.

"Umboni wakwana, bwana, kapena tikabwereke TV ya aneba?"