Msomali Wachinayi

"Ulusi, titseke balali," dokotala anauza namwino.

"Pepani adokotala, chithunzi chimodzi chokha," anatero mayi wojambula ekisire. "Mupendeketse dzanjalo pang'ono."

Dokotala anatsonya. Zithunzi zisanu ndi ziwiri zinali zitaonetsa kale kuti kachitsulo komangidwa ndi misomali kagona bwino pa fupa lothyoka la dzanja la telala wogonekedwayo. Epuloni yamtovu yodzitetezera ku ekisire inkamudula dokotalayo mapewa, thukuta lili kamukamu.

"Mayi inu, mukufuna tikalambire muno?"

Anapendeketsabe dzanjalo monyinyirika. Makina analira.

Pa chithunzipo, nsonga ya msomali wachinayi inali itasuzumira m'mfundo, pomwe telala amapindira dzanja podula nsalu.

Namwino anayang'ana dokotala, ulusi uli m'manja.

"Mukundiyang'ana chiyani?" anakalipa dokotala, maso akuzemba wojambula uja. "Bwezani ulusiwo. Timasule msomaliwo."